Mabuku a kaunjika, chuku ndi mafilimu okana kutseguka pa TV

Nachisale, Chilomoni: Akuluakulu mwaswera bwanji pagulu pano. Ndili ndi mafunso awiri. Loyamba, mabuku akale aja amayala m'makonde a masitolo m'tauni ndi ku Limbe, munthu pogula uziyang'ana chiyani kuti usabwerere kunyumba ndi buku loduka? Lachiwiri, mvula ili pafupi, mabuku mumawasunga bwanji kuti asachite chuku? Kuno m'munsi mwa Michiru makoma ambiri amanyowa kufika m'mawondo.

Bambo a Tadala, Limbe: Taswera bwino mayi. Ndiyankhe loyambalo. Chikuto muchione pomaliza, chifukwa ndi chomwe wogulitsa amapukuta. Yambani kumapeto, tsamba lomaliza lilipo? Mabuku oyalidwa pansi amayamba kuthothoka kumbuyo, ndipo nkhani yofufuza wakupha ikasowa masamba atatu omaliza, ndalama mwataya. Kenako yendetsani chala pa manambala. Sikuti muone tsamba lililonse ayi. Osindikiza amadinda pa chipepala chachikulu n'kuchipinda kuti chitulutse masamba 16 kapena 32, ndiye cholakwika chikachitika chimasowa chigawo chonse. Mukaona 96 yatsatana ndi 113, masamba 16 palibe. Nthawi zina chigawo china chimalowa kawiri, buku n'kumaoneka lonenepa bwinobwino, choncho kukula kwake kusakunamizeni.

Kenako msana. Tsegulani bukulo pakati pang'onopang'ono mukumvetsera. Likati thyo, guluu wauma, ndipo masamba ayamba kugwa limodzilimodzi musanalimalize. Mutha kugulabe koma mtengo utsike, poti lifunika kukonza. Buku losokedwa mumalidziwa mukatsegula pakati pa chigawo, ulusi umaoneka. Limenelo limakhalitsa kuposa lomata ndi guluu yekha.

Pomaliza nunkhizani. Fungo la pepala lakale ndi lina, la chinyontho ndi lina. Lonunkha chinyontho musatenge ngakhale akupatseni laulere, chifukwa chuku chikafika pa shelefu chimagwira ndi anzake omwe.

Aphunzitsi, Zingwangwa: Ndionjezere pa zomwe anena bambowa. Gwedezani buku pamwamba pa chikhatho. Pakagwa kaufa konga ka chimanga chofumbwa, kapena mukaona timabowo tozungulira todutsa masamba ambiri malo amodzi, muli tizilombo. China, onani tsamba loyamba ndi m'mphepete ngati muli chidindo cha sukulu kapena cha laibulale, kapena malo odetsedwa ndi inki yakuda, kapena kona yong'ambidwa mwadala. Mabuku a boma a m'masukulu amalembedwa kuti si ogulitsa. Amenewo ngakhale atchipe chotani ndi obedwa, ndipo kwinakwake ana akuunjikana pa buku limodzi chifukwa cha malonda amenewa. Omwe laibulale yawachotsa yokha amakhala ndi chidindo china chonena kuti achotsedwa, amenewo gulani mtima uli m'malo.

Wa ku Ndix: Nanga atsopano aja okutidwa m'pulasitiki, ophunzitsa kulemera aja, amatchipa bwanji chonchija?

Bambo a Tadala, Limbe: Ambiri mwa amenewo ndi okopera, achimwene. Zizindikiro zake: zilembo zotuwa pa tsamba lina, zakuda kwambiri pa linzake, zithunzi zongoti bii, nkhope osazindikirika, mzere wakuda cha kumsana pomwe makina anajambula mthunzi, mizere yopendekeka, pepala lopyapyala loonetsa za kuseri. Pulasitikiyo cholinga chake n'choti musatsegule. Pemphani atsegule, akakana pitirirani. Kukopera ndi kugulitsa buku la mwini popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Copyright la 2016, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa olemba ndi oimba, ndi omwe amayang'anira zimenezi. Koma ngakhale tisiye za lamulo, guluu amapaka wochepa, buku silipirira kuwerengedwa ndi anthu awiri.

Anambewe, Soche: Ndilowe pa funso lachiwiri. Chinyezi mu Blantyre sichibwera ndi dzinja lokha. Novembala mpaka Epulo ndi mvula, inde, koma Juni ndi Julaye kuli chiperoni: mawindo otseka, zovala zoyanika m'nyumba, mpweya wonyowa osatuluka. Chuku chimamera chinyezi cha mumpweya chikapitirira 65 kapena 70 peresenti kwa masiku angapo, makamaka pomwe mphepo siyenda. Ndiye nkhani yonse ndi mpata ndi mphepo.

Shelefu isagunde khoma, siyani masentimita 5 mpaka 10 kumbuyo. Thabwa lapansi likwere masentimita osachepera 15 kuchokera pa simenti. Sankhani khoma la mkati mwa nyumba, osati lakunja lomwe mvula imawomba, komanso osati lomwe kuseri kwake kuli bafa. Khoma lomwe penti ikufufuma kapena likutuluka zoyera ngati mchere m'munsi likukoka madzi a m'nthaka, ndipo limeneli ndi lomwe achemwali a ku Chilomoni akunena. Pamenepo pasakhale buku ngakhale limodzi, olo mutapentanso. Mabuku aime chilili, osathinana. Muzitha kusolola limodzi ndi zala ziwiri anzake osatsatira. Akuluakulu olemera agone, atatu kapena anayi pamulu basi. Tsiku lowala tsegulani mawindo ndi zitseko za kabati.

Makatoni pansi pa bedi ndiye ayi ndithu. Katoni imayamwa chinyontho cha simenti, ndipo chiswe chimayambira pa katoniyo.

Wa ku Ndix: Koma anti, bwanji osangomanga buku lililonse m'jumbo? Madzi alowera pati?

Anambewe, Soche: Madziwo ali kale m'bukumo, achimwene. Pepala limasunga chinyezi chake. Mukalimanga m'jumbo nyengo yonyowa, masana kukatentha chinyezi chimatuluka m'pepala, usiku kukazizira chimasanduka timadontho mkati mwa pulasitiki, ndipo kothawira kulibe. Mudzamasula mutapeza madontho akuda ndi obiriwira. Ngati palibe kuchitira mwina, monga posamuka, longedzani mu Seputembala kapena Okutobala kukadali kouma, m'chigubu cha pulasitiki chovundikira bwino, muikemo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Makala ouma okulunga m'kansalu amathandiza kuchotsa fungo, koma musawadalire pa chinyezi. Muzitsegula kamodzi pamwezi.

Madala a ku Chirimba: Za chiswe ndinenepo, poti anthu amachidziwa mochedwa. Chimachokera m'nthaka, chimadzera m'ming'alu ya simenti ndi pomwe khoma lakumana ndi pansi, n'kumanga tinjira tadothi. Chimadya mkati, kunjaku misana ya mabuku ili bwinobwino pa mzere. Tsiku lomwe mudzasolole buku mudzangogwira chikuto. Choncho kamodzi pamwezi yang'anani kuseri kwa shelefu ndi tochi. Mukapeza kanjira kadothi, kukaphwanya kokha sikuthandiza, mawa kadzakhalaponso. Chotsani mabuku, mankhwala a chiswe athiridwe pansi ndi m'munsi mwa khoma, mng'alu utsekedwe ndi simenti.

Matabwa a paini osathira mankhwala ndi chakudya chake. Mabolodi opanikiza utuchi aja amafufuma akangonyowa, sabwereranso. Chabwino ndi chimango chachitsulo, owotcherera alipo ambiri ku Ndirande ndi ku Limbe, matabwa n'kungogoneka pamwamba. Matabwawo apakidwe vanishi mbali zonse ndi kumathero komwe, aume milungu iwiri musanaike mabuku, apo ayi chikuto chimamatirira. Thabwa la mamilimita 20 lisapitirire masentimita 80 popanda chochirikiza pakati. Mabuku ndi olemera, limawerama chaka chisanathe.

Nachisale, Chilomoni: Zikomo madala. Nanga lomwe lalowa kale tizilombo, kupopera mankhwala a mphemvu kuli bwino?

Anambewe, Soche: Pa pepala ayi. Mankhwala opopera ali ndi mafuta, amasiya banga losachoka, ndipo safika mkati mwa msana momwe muli mazira. Ena amawaza mankhwala a ufa osungira chimanga, zimenezo n'zoopsa: anthu amanyowetsa chala ndi malovu potembenuza tsamba, ana amaluma mabuku. Njira yomwe osunga mabuku amagwiritsa ntchito ndi kuzizira. Buku louma liikeni m'pulasitiki, tulutsani mpweya, mangani zolimba, liikeni mufiriji youndanitsa ija, yofika madigiri 18 pansi pa ziro, kwa sabata yathunthu. Mukalitulutsa musamasule msanga, likhale tsiku lonse lili chimangire kuti thukuta ligwire kunja kwa pulasitiki osati pa pepala. Magetsi akakhala kuti anazimazima sabata imeneyo, bwerezani kachiwiri. Apa ndi pokhapo pomwe jumbo ili ndi ntchito.

Mphemvu zimatsata guluu wa kumsana ndi zinyenyeswazi. Kudyera mandasi pa buku ndi kuziitana. Tizilombo tina totuwa tonyezimira, tothamanga mukatsegula buku, timapala pamwamba pa pepala, ndipo tikachuluka ndi umboni woti malowo ndi achinyontho.

Mayi a Chikondi, Bangwe: Denga likadontha buku n'kunyowa, anthu amathamangira kuliyanika padzuwa. Zolondola ndi ziti?

Anambewe, Soche: Dzuwa limaumitsa kunja msanga mkati mukadali monyowa, chikuto chimapindika, guluu amasungunuka. Mumthunzi podutsa mphepo ndiye poyenera. Liimikeni chilili pa thaulo, masamba atatambasuka pang'ono. Likakhala lonyowa kwambiri, ligonekeni n'kulowetsa pepala loyera losalemba pakatha masamba 20 aliwonse, muzisintha likanyowa. Nyuzipepala ayi, inki yake imasamukira. Musalowetse mapepala ambiri nthawi imodzi, msana umathyoka. Likatsala pang'ono kuuma, litsekeni mulipsinje ndi thabwa ndi njerwa zokulunga kuti liwongoke. Masamba osalala onyezimira a zithunzi aja muwalekanitse akadali onyowa, akaumira limodzi zatha. Ndipo nthawi ndi yochepa: chuku chimatha kuyamba pasanathe masiku awiri. Mabuku akanyowa ambiri kuposa omwe mungawasamale, ena aikeni mufiriji youndanitsa, adikire kumeneko mpaka mutapeza mpata.

Chuku chikagwira kale, tulukani nalo panja, valani chotseka pakamwa ndi pamphuno, liume kaye, kenako sesani ndi kaburashi kofewa kuchokera kumsana kupita kunja. Kupukuta ndi nsalu yonyowa kumangochilowetsa m'pepala. Jiki musayerekeze.

Bambo a Tadala, Limbe: Popeza tafika pa zokonza, selotepi itayeni kutali. Pakapita zaka zochepa imasanduka yachikasu, imamatuka, guluu wake n'kutsala m'pepala. Supaguluu amauma gwa n'kuthyola pepala. Guluu wa nsapato amadetsa. Phala la ufa limamata bwino koma kuno limaitana mphemvu. Woyenera ndi guluu woyera wa akalipentala uja, chifukwa akauma amapindika.

Buku lomwe masamba akuthothoka, kakonzedwe kake ndi aka. Chotsani chikuto mosamala. Palani guluu wakale kumsana ndi mpeni wosathwa kwambiri. Sanjani masamba motsatira manambala, agogodeni patebulo kuti msana ufanane. Apanikizeni pakati pa matabwa awiri, msana utatulukira mamilimita 5. Ndi kasowo kodulira zitsulo chekani timizere tosaya, milimita imodzi kapena awiri kuya kwake, motalikirana masentimita atatu, modutsa msana. M'timizeremo gonekani ulusi wolimba. Pakani guluu wopyapyala ndi chala kuti alowe, dikirani mphindi 20, pakaninso, kenako matani kansalu kopyapyala, bandeji wa gozi amachita bwino, katapitirira masentimita awiri mbali zonse. Liume maola 24 lili chipanikizire. Mukabwezeretsa chikuto, lowetsani pulasitiki pakati pa chikuto ndi tsamba loyamba kuti guluu wotuluka asamatanitse. Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kuunjika guluu wambiri nthawi imodzi: kunja kumauma, mkati muli phala, buku limatseguka movuta ndipo limasweka pomwepo.

Timabuku topyapyala tomangidwa ndi timawaya tiwiri pakati, ngati tambiri ta Chichewa ta kale, vuto lake ndi dzimbiri. Limadya pepala, masamba apakati n'kugwa. Wongolani timawayato muchotse, boolani mabowo atatu pa mpindiro, sokani ndi ulusi wopaka kandulo: lowani bowo lapakati, tulukirani lakumtunda, dumphani mpaka lakumunsi, bwererani lapakati, mangani mfundo mutakumbatira ulusi wautaliwo. Mphindi zisanu zokha.

Wa ku Ndix: Zonsezi kusamala mabuku achikondi ndi a apolisi? Ine ndimati buku lofunika kusunga ndi lomwe likuphunzitsa kupeza ndalama. Nthano n'zotayitsa nthawi.

Aphunzitsi, Zingwangwa: Apo ndiye tisiyana, achimwene. Mabuku olimbikitsa aja ambiri mfundo yake imathera m'mutu woyamba ndi wachiwiri, kotsalako ndi kubwereza ndi zitsanzo za ku America, za ngongole za nyumba ndi misika yomwe wogulitsa tomato ku Limbe sadzaiona. Werengani mndandanda wa mitu ndi mutu woyamba muli chiimire, mudziwa ngati kotsalako kuli kanthu. Nkhani yopeka ndi yomwe imazoloweretsa munthu kukhala pansi ola lathunthu osagwira foni, chifukwa akufuna adziwe mathero. Mwana yemwe wameza mabuku khumi a nkhani zofufuza amalemba chimangirizo chomveka kuposa yemwe waloweza manotsi okha. Ndiye oyamba kumene asachite manyazi ndi nkhani zachikondi kapena zaupandu. Mitu yake ndi yaifupi, mawu ake ndi a tsiku ndi tsiku. Zolemera adzazipeza mtsogolo.

Mayi a Chikondi, Bangwe: Chondidandaulitsa ine ndi a Chichewa. M'makondemo mumadzaza a Chingerezi okhaokha.

Aphunzitsi, Zingwangwa: Chifukwa chake ndi msika, mayi. Buku la Chichewa limagulidwa kwambiri likakhala pa silabasi ya JCE kapena MSCE. Silabasi ikasintha, osindikiza sabwerezanso, ndipo omwe analipo amathera m'manja mwa ana asukulu. A Chingerezi amabwera ambiri ngati kaunjika kuchokera kunja. Ndiye mukapeza la Chichewa lakale lili lathunthu, tengani ngakhale msana uli wosweka, bambo a Tadala atiphunzitsa kale kukonza. Yesaninso ku sitolo ya mabuku ya CLAIM ndi m'masitolo a mipingo. A Montfort Media ku Balaka amasindikiza za Chichewa, a Kachere ku Zomba ali ndi zambiri za mbiri ndi chipembedzo cha m'dziko muno ngakhale zochuluka zili m'Chingerezi. Nthambi ya National Library Service ilipo mumzinda muno, ndipo kubwereka kumatchipa kuposa kugula buku lomwe muwerenge kamodzi. Ofuna mbiri yakale ya Nyasaland apite ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, nyumba ija ya 1882.

Chenjezo limodzi kwa makolo. Mabuku osindikizidwa chiyankhulochi chisanatchedwe Chichewa mu 1968, komanso ochokera ku Zambia, kalembedwe kake n'kosiyana: mupeza cakudya, cifukwa, nchito. Malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973, n'kukonzedwanso mu 1980 ndi 1990. Mwana awerenge ndithu, Chichewa chake n'chokoma, koma muuzeni kuti pamayeso asalembe choncho.

Nachisale, Chilomoni: Nanga nthawi yowerengera anthu mumaipeza kuti? Buku la masamba 300 limaoneka ngati phiri.

Anambewe, Soche: Tiwerengetsere limodzi. Tsamba la buku wamba lili ndi mawu 250 mpaka 300. Munthu wamkulu wozolowera amawerenga mawu pafupifupi 200 mpaka 250 pa mphindi, m'chiyankhulo chachiwiri amatsikirapo. Tinene mphindi imodzi ndi theka pa tsamba. Masamba 20 ndi theka la ola. Buku la masamba 300 latha m'masiku 15, pa mwezi mabuku awiri. Chomwe chimapha anthu ndi kudikira Loweruka kuti awerenge masamba 100 nthawi imodzi, ndiye Loweruka kuli ukwati, kuli maliro, kuli kuchapa. Theka la ola likhale ndi malo ake, monga m'mawa tiyi asanapse, kapena pa mzere wa kubanki. Mawu achilendo musaimire aliwonse kufunafuna tanthauzo, chongani ndi pensulo, muwaone mutu ukatha. Pa tsamba pakakhala oposa asanu osawadziwa, bukulo lakukulirani pakali pano, sinthani. Ndipo lomwe lafika tsamba 50 osakukokani, lisiyeni, si ngongole.

Mu minibasi ambiri amachita nseru chifukwa maso ali pa chinthu chosayenda pomwe thupi likugwedezeka. Pamenepo mabuku omvetsera ndiye abwino. Usiku nyale iunike pa tsamba kuchokera cham'mbali, osati kumaso. Amene apitirira zaka 40 n'kumaona kuti akutalikitsa buku kuti aone bwino, si kuti kuwerenga kwawatopetsa, akayezetse maso, magalasi owerengera amathetsa zimenezo.

Mmisiri, Ginnery Corner: Owerengera pafoni asankhe fayilo ya buku ya mtundu wa EPUB kusiyana ndi PDF. EPUB zilembo zimakula n'kudzisanja zokha pa sikirini, ndipo buku lopanda zithunzi nthawi zambiri silifika 1MB. PDF yojambulidwa ndi sikana imatha kudya 50MB, n'kumakokera uku ndi uku mzere uliwonse. Mabuku akale a Chingerezi omwe umwini wake unatha ali pa tsamba la pa intaneti la Project Gutenberg mwaulere ndipo movomerezeka.

Wa ku Ndix: Chabwino, koma zoona zake ambirife timakonda filimu. Buku likakhala ndi filimu yake, kuvutikiranji?

Aphunzitsi, Zingwangwa: Chifukwa si chinthu chimodzi. Olemba mafilimu amawerengera tsamba limodzi pa mphindi imodzi, ndiye filimu ya maola awiri ndi masamba ngati 120 okhala ndi mipata yambiri. Buku la masamba 300 kuti likwanemo amadula anthu ena, ena awiri amawaphatikiza kukhala mmodzi, ndipo zomwe munthu akuganiza mumtima, zomwe ndi mnofu wa buku, kamera siziona. Taonani filimu ija ya 2019 ya mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu yemwe anapanga makina a mphepo. Anaijambula konkuno ndipo mbali yaikulu akuyankhula Chichewa, koma ena mwa osewera akuluakulu si a kuno, ndiye khutu la Mmalawi limagwira msanga katchulidwe. Buku lake la 2009 limafotokoza bwino za mawaya, dayinamo ya njinga ndi njala ya nthawi imeneyo kuposa momwe filimu ikanathera. Kwa mwana waulesi powerenga, yambani ndi filimu, buku litsatire, poti nkhope akuzidziwa kale. Kwa wozolowera, buku liyambe.

Mayi a Chikondi, Bangwe: Nanga mafilimu omasuliridwa m'Chichewa aja? Ana sachoka pa TV.

Mmisiri, Ginnery Corner: Pa mafilimu a nkhonya ndi a nkhondo amakoma, nkhani yake ndi yosavuta ndipo womasulira amathira nthabwala zake. Koma dziwani zomwe zimachitika: amatsitsa mawu enieni ndi nyimbo kuti ake amveke, pena amadula zigawo, pena amapeka zomwe sizinanenedwe. Filimu yodalira zokambirana, ya kukhoti kapena yofufuza, imafa ikadutsa mmenemo. Fayiloyo imakhalanso itapanikizidwa kangapo, n'chifukwa chake zithunzi za usiku zimangooneka timabokosi. Kwa ana, mayi, yambani mwaionera nokha mphindi khumi, chifukwa pakamwa pa omasulira ena sipasankha omvera. Mafilimu a kwathu kuno ndi bwino kuwaonera pa tsamba la eni ake pa YouTube kapena kugula kwa iwo, apo ayi sadzajambulanso ina. Ambiri chithunzi chili bwino masiku ano, pofooka ndi pa mawu, ndiye zomvetsera za m'makutu zimathandiza.

Nachisale, Chilomoni: Achimwene a ku Ginnery, poti mwabwera: filimu pafoni ikuonetsa bwino, pa TV kudzera pa fulashi ikukana. Chimavuta n'chiyani?

Mmisiri, Ginnery Corner: Zimatengera kakanidwe kake, achemwali. TV ikapanda kuiona fulashi n'komwe, vuto ndi mtundu wa format, kapena kuti kasanjidwe ka mkati mwa fulashiyo. Ma TV akale ambiri amawerenga FAT32, ena ndi NTFS, koma exFAT amaikana. FAT32 nayo sinyamula fayilo imodzi yopitirira 4GB, ndiye kompyuta ikamati malo palibe pomwe fulashi ili yopanda kanthu, chifukwa chake n'chimenecho. Kumbukirani kuti format imafufuta zonse, samutsani kaye.

Mawu akamamveka chithunzi palibe, kapena ikalemba kuti fayilo siyikudziwika, kawirikawiri filimuyo inapanikizidwa ndi njira yatsopano ya H.265, yomwe imalembedwanso HEVC kapena x265 pa dzina. TV yakale imafuna H.264. Chithunzi chikamaoneka mawu palibe, mawuwo anasungidwa mumtundu wa DTS kapena AC3 yomwe TV yanu siidziwa, imafuna AAC kapena MP3. Kusintha dzina kuchoka pa .mkv kupita pa .mp4 sikusintha kanthu, zamkati zili zomwezo. Pulogalamu yaulere ya HandBrake pa kompyuta imatembenuza: sankhani MP4, H.264, AAC, 720p. Pa kompyuta yofooka zimatha kutenga ola kapena kuposa.

Mawu olembedwa m'munsi aja amabwera m'kafayilo ka .srt. Kakhale m'foda imodzi ndi filimu, dzina lofanana ndendende kupatula kumapeto. Akamatsogola kapena kutsalira, pa pulogalamu yoonera mafilimu ya VLC ya pakompyuta dinani G kapena H, kudina kulikonse kumasuntha mamilisekondi 50.

Wa ku Ndix: Nanga bandulo, mani? Filimu imodzi ikumatha yonse.

Mmisiri, Ginnery Corner: Chifukwa YouTube imadzisankhira yokha mlingo wapamwamba wa chithunzi netiweki ikakhala bwino. Lowani pa zosankha muike nokha. Mongoyerekeza, ola limodzi pa 360p limadya 300MB, pa 480p theka la GB, pa 720p 1GB kapena kuposa. Pa sikirini ya foni 480p ndi yokwana, kusiyana kwake ndi 720p mumakuona pa TV. Zomwe zikuloledwa kusunga, sungani ndi bandulo ya usiku muonere mawa.

Ndipo chenjerani ndi mamemori khadi otchipa. Alipo olembedwa 64GB pomwe mkati muli 8GB. Foni imaonetsa 64 ndithu, mafayilo amalowa, koma mukadutsa malire enieniwo zina zimayamba kuwonongeka, mayina alipo koma osatseguka. Muyeseni tsiku logula lomwelo: mudzazeni ndi mafilimu mpaka pakamwa, kenako tsegulani oyamba, apakati ndi omaliza, kapena gwiritsani ntchito pulogalamu yoyesera makhadi ya H2testw pa kompyuta. Khadi yeniyeni ya 64GB imaonetsa 58 kapena 59, ya 32GB imaonetsa cha m'ma 29. Kumeneko si kuberedwa, ndi kawerengedwe chabe.

Mayi a Chikondi, Bangwe: Fulashi ikachokera ku burning centre mafoda onse asanduka mashotikati okhala ndi timivi, mafilimu osaoneka. Ndiye kuti afufutika?

Mmisiri, Ginnery Corner: Ayi mayi, abisidwa chabe ndi vairasi. Timivito musadine, kudinako ndi komwe kumailowetsa m'kompyuta. Yambani mwasesa fulashiyo ndi antivirus. Kenako tsegulani Command Prompt, kawindo kolembamo malamulo pa kompyuta ya Windows, mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* koma m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanu. Mafoda enieni abwerera, timivito mufufute. Kompyuta yomwe inapereka vairasiyo ikapanda kutsukidwa, mukabayanso fulashi zibwerera. Popita kumeneko khalani ndi fulashi yapadera, yosasungiramo zithunzi za banja kapena ntchito ya kusukulu.

Madala a ku Chirimba: Funso lomaliza kwa mmisiriyu. Hard disk yakunja ija pa TV imangolira tiki tiki osatseguka, pa laputopu ili bwino.

Mmisiri, Ginnery Corner: Mphamvu yachepa, madala. Bowo la USB la TV zambiri limapereka 500mA, pomwe disk yozungulira imafuna yoposa pamenepo poyamba kuzungulira. Onani kuseri kwa TV ngati kuli bowo lolembedwa HDD kapena 1A, mubaye pamenepo. Ngati palibe, pezani chingwe cha mitu iwiri, mutu winawo ulowe mu chaja ya foni, kapena koperani filimu ya tsikulo pa fulashi. Musaisiye ikulira choncho nthawi yaitali, imawonongeka, ndipo pozula yambani mwazimitsa TV.